Magazi mu Mkodzo: Si Onse a Likodzo

   

Nkhani imene ndadza nayo ndi yochititsa manyazi, pakuti pa mwambo wathu za kuseri sitizitchula pamaso pa akulu. Koma popeza matenda sadziwa ulemu, ndipo chimene tichibisa lero ndicho chidzatigoneka pamphasa mawa, ndikupemphani kuti mundikhululukire, ndilankhule poyera. Nkhani yake ndi ya magazi mu mkodzo. Funso lake ndi ili: munthu akaona magazi mu mkodzo wake kapena wa mwana wake, kodi magaziwo akumuuza chiyani za tsogolo la impso zake? Ndiyamba ndi likodzo, limene tonse tilidziwa. Kenaka ndinena za matenda a impso obwera ndi chitetezo cha m'thupi momwe. Potsiriza ndinena zoyenera kuchita.

Tiyambe ndi likodzo. Ndani mwa ife amene salidziwa? M'miyezi yotentha, pamene nazale za fodya zifuna madzi m'mawa ndi madzulo, ana athu ndi anyamata amalowa ndi makeni m'zithaphwi za kudambo, m'madamu a m'maesiteti, ndi m'madzi odikha a m'mbali mwa Bua ndi Dwangwa. Ndipo m'madzi momwemo, mmene mukhala nkhono zing'onozing'ono, muli tizilombo tosaoneka timene timaboola khungu, nkukakhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo, nkumaikira mazira amene amang'amba chikhodzodzocho potuluka. Tizilombo timeneti adatipeza ndi dotolo wa ku Germany, Theodor Bilharz, mumzinda wa Cairo m'chaka cha 1851. Mankhwala ake alipo, dzina lake praziquantel, omwe aja a zaumoyo amagawa kwa ana m'masukulu, ndipo amachiza ndithu.

Koma taonani vuto lake. Chifukwa likodzo ndi lofala, tidazolowera kunena kuti magazi onse a mu mkodzo ndi likodzo. Ena mpaka amati mnyamata akatero ndiye kuti akukula. Ayi, abale anga. Palibe kukula kumene kumadza ndi magazi mu mkodzo wa mwana wamwamuna. Ndipo si magazi onse amene achokera m'chikhodzodzo. Ena achokera kumtunda, ku impso zenizeni.

Nanga tingawasiyanitse bwanji? Mvetserani bwino pano. Magazi a likodzo kawirikawiri amadza kumapeto, munthu akumaliza kutaya madzi. Amakhala ofiira piriwiri, timadontho towerengeka, nthawi zina ndi ululu pachinena. Magazi ochokera ku impso amasakanikirana ndi mkodzo wonse, kuyambira dontho loyamba kufikira lotsiriza. Mtundu wake ndi woderako, wonga tiyi wopanda mkaka, alibe mibulu, ndipo nthawi zambiri sapweteka nkomwe. Ndibwereze. Ofiira, akumapeto, ganizirani chikhodzodzo. Oderako, osakanikira monse, osapweteka, ganizirani impso. Komabe diso la munthu limanyenga, ndipo womwa mankhwala a TB adziwa kuti mkodzo umafiira popanda magazi. Chifukwa chake woweruza weniweni ndi wa kuchipatala, amene amayang'ana mkodzowo pa makina okuza zinthu, naona ngati muli mazira a likodzo kapena mulibe.

Tsopano tipite ku gawo lachiwiri, la impso. Munthu ali ndi impso ziwiri kumsana, pansi pa nthiti, ndipo mu impso iliyonse muli tisefa pafupifupi 1 miliyoni, timene usana ndi usiku timasefa magazi, kutaya zoipa ndi madzi otsala, ndi kusunga zofunika m'thupi. Amayi, inu mudziwa sefa ya ufa. Ikakhala yabwino, ufa wosalala wokha ndiwo udutsa, ndipo misere itsalira pamwamba. Koma ikayamba kubooka, misere nayo igwera m'lichero, ndipo mayi wanzeru sadikira kuti sefa yonse ithetheke, amadziwa pa misere yoyambayo kuti chinthu chalakwika. Ndi mmenenso zilili ndi impso. Tisefa tikatupa ndi kubooka, zinthu ziwiri zimene siziyenera kudutsa zimagwera mu mkodzo: maselo ofiira a magazi, ndi mapuloteni, amene amachititsa mkodzo kuchita thovu losaphwa msanga.

Nanga chimaboola tisefato nchiyani? Apa ndi pamene pali chodabwitsa. Asilikali a m'thupi, amene Namalenga adatipatsa kuti atitchinjirize ku tizilombo, ndi omwewo amene nthawi zina, pomenyana ndi matenda a kukhosi, a pakhungu kapena a m'matumbo, amasiya zotsalira za nkhondoyo m'magazi. Ndipo zotsalirazo, poyenda ndi magazi, zimakakamira pa tisefa ta impso, nkuutsa kutupa pamalo pamene padalibe mdani. Si ufiti. Si kulumpha mankhwala panjira. Si mdulo. Ndi chitetezo cha m'thupi chimene chaphonya njira.

Matenda otere ali a mitundu ingapo, ndipo tsogolo lake silifanana. Ndinena mitundu iwiri yoyamba mofatsa, pakuti kusiyana kwake ndiko mutu wa nkhani yonse.

Mtundu woyamba umagwira ana makamaka. Tiyerekeze mwana wa zaka 8, wa banja logwira ntchito pa esiteti, kumene anthu ambiri agona m'kanyumba kamodzi ndipo sopo ndi wosowa. Mwanayo adagwidwa ndi mphere, nakanda mpaka miyendo idachita zilonda za mafinya. Zilonda zidapola, ndipo onse adaiwala. Patapita masabata atatu kapena kuposerapo, mayi adzuka m'mawa naona zikope za mwana zatupa, maso atsala ting'ono. Kabudula wayamba kumuthina m'chiuno. Mwana akudandaula mutu. Ndipo atapita kuseri kwa nyumba, mkodzo watuluka wochepa, wakuda bii. Mayi aliyense angagwidwe ndi mantha, ndipo nkoyenera kuthamanga naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa m'masiku oyambawo BP ya mwana ikhoza kukwera mpaka kumukomola, ndipo madzi akhoza kudzaza m'mapapo. Koma nayi nkhani yokoma: mwana wotere akasamalidwa bwino m'masiku oopsawo, ana ochuluka zedi amachira kwathunthu. Kutupa kumaphwa, mkodzo umayera, ngakhale timagazi tosaoneka ndi maso tikhoza kupezekabe kwa chaka chathunthu kapena kuposerapo, tikucheperachepera mpaka kutha. Magazi adali ambiri, oopsa kuwaona. Koma mathero ake ndi abwino.

Mtundu wachiwiri uli ndi khalidwe lina. Adaufotokoza ndi dotolo wa ku Paris, Jean Berger, pamodzi ndi mnzake Nicole Hinglais, m'chaka cha 1968, ataona kuti gulu lina la asilikali a m'thupi, lotchedwa IgA, limaunjikana m'tisefa ta impso za odwala ena. Matendawa amapezeka kwambiri kumaiko monga Japan ndi China. Kuno kwathu samveka kawirikawiri, komanso kuwatsimikiza kumafuna kutenga kachidutswa ka impso ndi singano, ntchito imene sichitika m'zipatala za m'maboma. Amakonda achinyamata ndi anthu a msinkhu wogwira ntchito. Mnyamata amva kukhosi kuwawa lero, ndipo mawa lomwe kapena mkuja mkodzo wada. Pakapita masiku owerengeka wayeranso, iye nkubwerera kuchigafa kukasoka fodya, akuti ndachira. Koma mwa ena magaziwo sadathe, adangobisala. Akutulukabe tsiku ndi tsiku mwa muyeso umene diso silingaone, mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka, ndipo tisefa tikufa kamodzikamodzi nkusanduka zipsera, munthu osamva kanthu. Mwa odwala matendawa, mmodzi mwa atatu kapena anayi amafika poti impso zalephera pakatha zaka 20. 

Pali ndi mtundu wachitatu, wotchedwa lupus, umene umagwira makamaka amayi ndi atsikana a msinkhu wobereka, nudza ndi kuphwanya m'mfundo, kuthothoka tsitsi ndi zotupa kumaso. Ndipo tisaiwale kuti HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B nawo akhoza kuutsa nkhondo yomweyi mu impso. Mwa onsewa, magazi akaonekeranso mu mkodzo atasowa kale, madotolo amatchera khutu, kuopa kuti matenda adzukanso.

Tsono tafika pa yankho la funso lathu. Kodi nchiyani chimasiyanitsa amene adzachira ndi amene impso zake zidzafota? Si kufiira kwa mkodzo ayi. Munthu akhoza kukodza magazi oti aliyense aope, nachira. Wina mkodzo wake ukhoza kuoneka woyera mbee, impso zikutha. Chimene chinena za tsogolo ndi zinthu ziwiri. Choyamba, magaziwo akhalitsa nthawi yotani? Chachiwiri, abwera ndi yani?

Titenge chachiwiricho poyamba. Magazi akadza okha, popanda mapuloteni, BP ili bwino ndipo impso zikusefa mwa mphamvu, kawirikawiri tsogolo ndi labwino, ngakhale munthuyo ayenera kumayezedwabe. Koma akadza ndi anzake atatu, ndiwo thovu la mapuloteni, BP yokwera, ndi kutupa kwa mapazi kapena nkhope, pamenepo ngozi yakula. Ndipo mapuloteni akamachuluka, ngozi ikulanso. Nzeru imeneyi si yatsopano. Kale m'chaka cha 1827 dotolo wina wa ku London, Richard Bright, amene ankawotcha mkodzo wa odwala pa supuni pamwamba pa kandulo nkuona ukuundana, adaonetsa kuti kutupa kwa thupi, mapuloteni mu mkodzo ndi impso zoonongeka zimayendera pamodzi.

Za kukhalitsa kwa magazi, madotolo kwa nthawi yaitali sankaziwerengera kwambiri, maso awo ali pa mapuloteni ndi BP. Koma m'zaka zapitazi maganizo asintha. Ku Israel adatsatira achinyamata oposa 1 miliyoni amene adayezedwa asanalowe usilikali, ndipo m'chaka cha 2011 adalengeza kuti amene adali ndi timagazi tosaoneka tosatha adali pa chiopsezo chachikulu koposa anzawo cha kulephera kwa impso m'tsogolo, ngakhale kuti ochuluka a iwo sadafike pamenepo. Ndipo ku Madrid, m'dziko la Spain, madotolo amene adatsatira odwala matenda a IgA kwa zaka zambiri adalemba m'chaka cha 2017 kuti odwala amene magazi adaleka mu mkodzo wawo, impso zawo zidakhalitsa koposa za amene magazi adapitirira. Tanthauzo lake ndi lomveka. Magazi osatha ndi chizindikiro chakuti kutupa kukadalipo m'kati. Magazi akatha, ndi chizindikiro chakuti kutupa kwazizira.

Ndiwonjezepo chenjezo limodzi. Ngakhale ndanena kuti kufiira sindiko kuweruza, magazi akachuluka kwambiri akhoza kutseka timipita ta mu impso, makamaka mwa anthu achikulire, ndipo mkodzo umachepa mwadzidzidzi. Mkodzo ukachepa kapena kuleka, musagone nazo. Ndipo inu abambo achikulire, makamaka osuta fodya ndi amene mudakhala ndi likodzo zaka zambiri, magazi osapweteka akhozanso kukhala chizindikiro cha khansa ya chikhodzodzo. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Tipite ku gawo lotsiriza: tichite chiyani? Choyamba, kayezetseni. Kuyeza kwake si kovuta. Adzakupatsani kabotolo, ndipo inu mudzabwera nako ndi mkodzo. Woyezayo atenga kapepala kakang'ono kotalika ngati chala, kokhala ndi timabokosi ta mitundumitundu, nakaviika, nakatulutsa, nadikira mphindi imodzi kapena ziwiri. Kabokosi ka magazi, kamene kadali kachikasu, kayamba kubiriwira ngati muli magazi, ka mapuloteni nakonso ngati muli mapuloteni, ndipo iye akafanizira ndi mitundu yolembedwa pabotolo la timapepalato. Basi. Ngati kuchipatala chaching'ono cha kwanu kulibe timapepalato, pemphani kalata yopita ku chipatala chachikulu cha pa boma la Kasungu. Amayi, mukakhala kumwezi uzani woyezayo, kuti asasokoneze. Ndipo funsani, pakuti safunsa adadya phula. Funsani mafunso atatu awa. Kodi muli mazira a likodzo? Kodi muli mapuloteni? Kodi BP yanga ili bwanji?

Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chachikulu koposa zonse, bwereraninso. Mwamwa mankhwala a likodzo, mwachita bwino. Koma pakapita miyezi iwiri kapena itatu, kayezetseninso mkodzo, ngakhale ukuoneka woyera. Akulu akale adati linda madzi apite, ndipo uziti ndadala. Ngati magazi atha, yamikani Mulungu. Ngati alipobe ndipo mazira a likodzo mulibe, ndiye kuti nkhani sidali ya likodzo lokha, ndipo impso ziyenera kufufuzidwa. Munthu akhoza kukhala ndi zonse ziwiri nthawi imodzi, likodzo nkuphimba matenda a impso. Ndipo umu ndi mmene ambiri amatayira zaka zimene akadapulumutsira impso zawo.

Chachitatu, mukapatsidwa mankhwala, agwiritsitseni. Pali mankhwala a BP, monga enalapril, amene kuwonjezera pa kutsitsa BP amachepetsanso mapuloteni otayika, natalikitsa moyo wa impso. Amamwedwa tsiku lililonse, osati pokhapokha mutu ukawawa, koma mayi woyembekezera kapena wofuna kutenga pathupi auze dotolo, chifukwa sayenerana ndi mwana wa m'mimba. Pali ndi ena oziziritsa asilikali a m'thupi, monga prednisolone, amene ndi amphamvu ndipo ali ndi zovuta zake, kotero kuti ayenera kuperekedwa ndi dotolo yekha, osati kugulidwa pamsika. Chepetsani mchere m'ndiwo, ndipo lekani kuthira wina pambale. Inu olima fodya, fodyayo mugulitse, koma musamusute, pakuti utsi wake umafulumizitsa kufota kwa impso. Ndipo ndikudziwa kuti nthawi yothyola ndi yopanga mabelo msana umathyoka, ndipo m'magolosale muli bulufeni ndi indosidi. Koma kwa munthu wa impso zodwala mankhwala amenewa ndi adani, ndipo kuwamwa tsiku ndi tsiku ndiko kuonjezera bala pa bala. Za zitsamba ndinena mwaulemu, pakuti makolo athu adatilera nazo: zonse zimene timwa zimadutsa mu impso, ndipo impso yodwala siingapirire mizu imene muyeso wake sudziwika. Mapanga awiri avumbwitsa.

Chachinayi, tetezani ana asanadwale. Mphere si matenda oseka nawo. Chizani banja lonse nthawi imodzi, chapani zofunda ndi kuziyanika padzuwa, ndipo mwana wa zilonda za mafinya kapena wa kukhosi kotupa ndi kutentha thupi apite kuchipatala msanga. Inu eni maesiteti ndi akapitawo, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Madzi abwino, sopo ndi chilolezo chopita kuchipatala si zinthu zolemetsa pa buku lanu.

Mwina wina afunsa kuti, chifukwa ninji kuvutika chotere ndi matenda osapweteka? Ndiyankha mosabisa. Impso zikalepheratu, chotsala ndi makina osefa magazi, amene m'dziko lathu ndi owerengeka. A boma odziwika ali ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 130 kuchokera pa boma la Kasungu, ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Ndipo wodwala ayenera kufikako kawiri kapena katatu pa sabata, moyo wake wonse, kapena kufunafuna impso ya mbale ndi ulendo wa kunja kwa dziko. Ndi mlimi uti wa ku Chulu kapena ku Chamama amene angasenze mtolo wotere, munda uli apo, ana ali apo? Koma kabotolo ka mkodzo ndi lamba woyezera BP zili pafupi nafe, ndipo zikafika pa nthawi yake zikhoza kuchedwetsa tsiku loipalo zaka zambiri, kapena kulichotseratu.

Tsono mawu anga apite kwa inu atsibweni ndi eni mbumba, amene mwambo udakupatsani udindo wonena kuti wodwala apite kuti. Mphwanu akanena kuti wakodza magazi, musamuseke, ndipo musamuuze kuti zidzatha zokha. Fodya akagulidwa ku Chinkhoma ndipo ndalama yalowa m'nyumba, patulani ya ulendo wa kuchipatala musanagule china chilichonse. Ndipo inu amene mudadza kudzagwira ntchito kuchokera kumaboma akutali, ndipo nyengo ikatha mumasamuka, sungani kabuku ka kuchipatala m'pepala la pulasitiki, ndipo kulikonse mukafike kaonetseni kwa dotolo. Pakuti matenda oyenda pang'onopang'ono sadziwika ndi kuyeza kwa tsiku limodzi, adziwika poyerekeza za chaka chino ndi za chaka chatha.

Ndibwereze mwachidule, kuti amene wafika mochedwa asabwerere chimanjamanja. Si magazi onse a mu mkodzo amene ali a likodzo. Tsogolo la impso silioneka pa kufiira kwa mkodzo, koma pa kukhalitsa kwa magaziwo, ndi pa anzake amene adza nawo, thovu, BP ndi kutupa. Magazi akatha ndipo mapuloteni akachepa, chiyembekezo chakula. Chifukwa chake yezetsani, imwani mankhwala, ndipo bwererani kukayezetsanso.

Mawa m'mawa, musanatenge khasu, funsani ana anu za mkodzo wawo, ndipo muwafunse mofatsa, kuti asaope kukuuzani zoona. Mulungu akusungeni inu ndi mbumba zanu.